Okana Mfuti: Mbiri ya Bungwe la American Friends Service Committee

Pa 6 Epulo 1917 dziko la America linalowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pasanathe mwezi, pa 30 Epulo, kagulu ka Akhristu a mpingo wa Quaker kanakumana mumzinda wa Philadelphia kuti kaone chochita ndi anyamata awo. Zinali zodziwikiratu kuti boma likhazikitsa lamulo lokakamiza anyamata kulowa usilikali, ndipo linaterodi m'mwezi wa Meyi. Anyamata a mpingowu sakanavomera kugwira mfuti. Akuluakulu aja sanafunenso kuti ana awo angokhala manja lende kunyumba pamene anzawo akufa ku France. Msonkhano wa tsiku limenelo ndiwo unabala bungwe la American Friends Service Committee, lomwe ambiri amalitchula mwachidule kuti AFSC.

Mpingo umene unabala bungweli ndi wakale. Ma Quaker, omwe pakati pawo amatchulana kuti Abwenzi, anayamba ku England cha m'ma 1650 potsatira ulaliki wa George Fox. Chiphunzitso chawo chachikulu n'chakuti mwa munthu aliyense muli kanthu kena ka Mulungu, kotero kupha munthu, ngakhale amene boma lamutcha mdani, n'kuzimitsa chinthu chimene sunachiyatse ndiwe. Mu 1651 Fox ali m'ndende ku Derby anamulonjeza ufulu ndi udindo wa usilikali, iye n'kukana, nasankha kukhalabe m'ndendemo. Patapita zaka pafupifupi khumi, atsogoleri a mpingowu analembera Mfumu Charles II kalata yoidziwitsa kuti iwo sadzamenya nkhondo ndi zida pa chifukwa chilichonse. Ambiri anamangidwa, ena kulandidwa katundu chifukwa chokana kupereka ndalama zothandizira asilikali. Choncho amene anakumana ku Philadelphia aja sanali kuyamba mwambo watsopano. Chatsopano chinali funso lakuti munthu wokana nkhondo azigwira ntchito yanji nkhondoyo ili mkati.

Panali vuto lina la m'nyumba. Ma Quaker a ku America anali atagawikana kuyambira mu 1827 pa nkhani za chiphunzitso, ndipo nthambi zawo zinakhala zaka zambiri osachitira zinthu limodzi. Bungwe latsopanoli linawakhazika pa tebulo limodzi. Wapampando woyamba anali Rufus Jones, mphunzitsi wa pa Haverford College, pamene mlembi woyamba anali Vincent Nicholson. Henry Cadbury, katswiri wa Chipangano Chatsopano, analinso m'gulu la oyambitsa. M'chilimwe cha 1917 anyamata 100 anasonkhana pa Haverford kuphunzira ukalipentala, ulimi, kukonza magalimoto, chithandizo choyamba cha ovulala ndi Chifalansa, pokonzekera kukathandiza anthu ku France. Chaka chomwecho bungweli linatenga chizindikiro cha nyenyezi yofiira ndi yakuda ya nsonga 8, imene ma Quaker a ku Britain anayamba kuvala pothandiza anthu pa nkhondo ya France ndi Prussia mu 1870. Nyenyeziyi ikadali chizindikiro cha bungweli mpaka lero.

Masiku oyambirira anali owawa. Lamulo la usilikali linkalola anthu a mipingo yokana nkhondo kuti asagwire mfuti, koma linkawafunabe kuti avale yunifolomu ndi kugwira ntchito zina za asilikali. Ambiri anaona kuti kumeneko n'kuthandizira nkhondo yomweyo, ndipo atakana anawatengera ku misasa ya asilikali kumene ankamenyedwa, kuthiridwa madzi ozizira ndi kutsekeredwa m'zipinda za okha. Abale awiri a mpingo wa Hutterite, Joseph ndi Michael Hofer, anamwalira mu 1918 atazunzidwa m'ndende za asilikali. Akuluakulu a AFSC anathera miyezi yambiri akuyenda ku Washington kukachonderera boma, mpaka mu 1918 linalola kuti ena mwa okana nkhondowa atulutsidwe kukagwira ntchito za ulimi kapena kukalowa gulu la Abwenzi ku France. Kunja kwa misasa nako kunali chipongwe. Anthu ankawatcha amantha ndi okonda Ajeremani. Cadbury mwiniwake anasiya ntchito pa Haverford atalemba kalata m'nyuzipepala yodzudzula chidani chimene anthu anali nacho pa Ajeremani.

Ku France anyamata ndi atsikana a bungweli anagwira ntchito limodzi ndi ma Quaker a ku Britain amene anali atafikako kale mu 1914. Ankapanga zigawo za nyumba zamatabwa ku Dole ndi ku Ornans n'kukazimanga m'midzi yogumulidwa, ankalima minda ndi mathirakitala, kugawa mbewu, nkhuku ndi akalulu, ndiponso kuthandiza pa chipatala cha amayi oyembekezera ku Châlons-sur-Marne. Nkhondo itatha anapatsidwa dera la kufupi ndi Verdun, kumene midzi yambiri inali itasanduka mabwinja. Pakati pawo panalinso achinyamata a mipingo ya Mennonite ndi Brethren.

Chimene chinaonetsa mtima weniweni wa bungweli chinabwera nkhondo itatha. Kuthandiza Afalansa kunali kosavuta kufotokozera anthu, popeza anali mbali imodzi ndi America. Germany ndiye anali mdani. Mayiko opambana anapitiriza kutseka njira zolowetsera chakudya m'dzikolo mpaka mkatikati mwa 1919, ndipo ana anali atafooka kwambiri, ambiri miyendo itapindika chifukwa chosowa zakudya zoyenera, ena akudwala chifuwa chachikulu. Chaka chimenecho Jane Addams, dokotala Alice Hamilton ndi Carolena Wood anapita kukaona okha, ndipo zimene anafotokoza atabwerako zinagwedeza anthu. Herbert Hoover, amene ankayang'anira chithandizo cha boma la America ku Ulaya ndipo nayenso anali wa mpingo wa Quaker, anapempha AFSC kuti itenge ntchito yodyetsa anawo. Kudyetsaku kunayamba kumayambiriro kwa 1920. Madokotala ankayeza ana m'sukulu n'kusankha ofooketsetsa, ndipo mwana aliyense ankalandira chakudya chotentha kamodzi patsiku: koko, mkaka, mpunga kapena nyemba, ndi kabanzi. Pofika pakati pa 1921 ana oposa 1 miliyoni ankadya tsiku lililonse. Antchito ochokera ku America anali ochepa chabe. Ophika ndi ogawa, omwe anali zikwizikwi, anali Ajeremani eniake, makamaka aphunzitsi ndi amayi.

Kwathu kuno timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anthu awa anafika ponena kuti ngakhale mwana wa mdani ngwako yemwe, ndipo anazichita pa nthawi imene manda a asilikali a dziko lawo anali asanamere udzu. Kwa ine, apa ndi pamene bungweli linapeza njira imene layendamo zaka zoposa 100. Silinafunse kuti bambo wa mwanayo anamenyera mbali iti. Linachitanso chimodzimodzi ku Austria ndi ku Poland, komanso ku Russia pa njala yoopsa ya 1921 ndi 1922, kumene linadyetsa anthu m'dera la Buzuluk ngakhale kuti boma la America silinkalizindikira boma la chikomyunizimu la kumeneko.

Ntchito ya ku Ulaya itayamba kuchepa, panabuka funso lakuti bungwe lithe kapena lipitirire, popeza linakhazikitsidwa chifukwa cha nkhondo imene inali itatha. Cha m'ma 1924 ndi 1925 anagwirizana kuti likhale lokhazikika, nalikonza m'nthambi zinayi: ya ntchito zakunja, ya ntchito za m'dziko, ya ubale wa mitundu, ndi ya mtendere. Kukhalapo kwa nthambi ya ubale wa mitundu pa nthawi imeneyo, pamene tsankho la khungu linali lamulo m'zigawo zambiri za America, kukusonyeza kuti anali atayamba kuona kuti chiwawa sichikhala pabwalo la nkhondo pokha. Mu 1927 analemba ntchito mayi wachikuda, Crystal Bird, kuti aziyenda m'masukulu ndi m'matchalitchi a azungu kukalankhula za moyo wa anthu akuda.

Clarence Pickett anakhala mlembi wamkulu kuyambira 1929 mpaka 1950, ndipo nthawi yake ndi imene bungweli linakula kwambiri. Chuma cha dziko chitagwa, migodi ya malasha ya ku West Virginia, Kentucky ndi Pennsylvania inatsekedwa, mabanja n'kutsala opanda chakudya. AFSC inadyetsa ana a m'migodimo, kenaka inathandiza makolo awo kuphunzira ntchito zina monga kupala mipando ndi kulima. Mu 1937 inayambitsa mudzi wa Penn-Craft ku Pennsylvania, kumene mabanja a anthu a m'migodi anamangirana nyumba zamiyala, aliyense akubweza maola a ntchito amene anzake anamugwirira. Eleanor Roosevelt, mkazi wa pulezidenti, ankapereka ku bungweli ndalama zimene ankalandira polankhula pa wailesi. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain linadyetsanso ana a mbali zonse ziwiri.

Mu Novembala 1938 chipani cha Nazi chinaphwanya masitolo ndi kutentha masunagoge a Ayuda m'dziko lonse la Germany. Mwezi wotsatira Rufus Jones, amene tsopano anali nkhalamba, anapita ku Berlin pamodzi ndi Robert Yarnall ndi George Walton, nalowa ku likulu la apolisi achinsinsi a Gestapo. Anawakumbutsa akuluakulu a kumeneko kuti ndi anthu omwe aja anadyetsa ana a Germany zaka 18 zapitazo, napempha chilolezo chothandiza Ayuda. Pamene apolisiwo anatuluka kukafunsa kwa mkulu wawo, atatuwa anaweramitsa mitu napemphera mwachete monga mwa mwambo wa mpingo wawo. Chilolezo china anapatsidwa, ndipo kwa kanthawi antchito a bungweli anatha kuthandiza mabanja kutuluka m'dzikolo. Tisakokomeze za ulendowu. Sunaimitse kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni, ndipo Gestapo sinasinthe mtima. Anthu amene anapulumuka kudzera m'maofesi a Abwenzi ku Berlin, Vienna, Marseille ndi Lisbon anali ochepa poyerekeza ndi amene anafa. Komabe aliyense wa iwo anali munthu wokhala ndi dzina, ndipo mayiko amphamvu okhala ndi zombo ndi asilikali anali atatseka zitseko zawo pa nthawiyo.

Nkhondo yachiwiri inabwezanso funso la 1917. Ulendo uno boma linagwirizana ndi mipingo itatu yokana nkhondo, ya Quaker, Mennonite ndi Brethren, kuti iyendetse misasa ya ntchito zosakhudza usilikali. Amuna pafupifupi 12,000 anadutsa m'misasa imeneyi, akuzimitsa moto wa m'nkhalango, kuteteza nthaka, ndipo ena kudzipereka kuti madokotala ayesere pa matupi awo za matenda ndi njala. Sankalipidwa, ndipo mipingo ndiyo inkawadyetsa. Ena anatumizidwa ku zipatala za odwala misala monga cha Byberry ku Philadelphia, kumene anapeza odwala ali maliseche, omangidwa ndi omenyedwa. Zithunzi ndi maumboni awo zinatuluka m'magazini ya Life mu 1946 ndipo zinathandiza kusintha kasamalidwe ka odwalawa. Ngakhale zinali choncho, dongosololi linasautsa chikumbumtima cha ambiri m'bungwemo, chifukwa linkaoneka ngati mpingo ukuyendetsera boma ntchito yokakamiza anthu. AFSC inachokamo mu 1946.

Pa nthawi ya nkhondo yomweyo boma linasonkhanitsa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, ambiri a iwo nzika zobadwira mu America momwemo, n'kuwatsekera m'misasa ya kuchipululu. Mabungwe amene anatsutsa poyera anali owerengeka, ndipo AFSC inali limodzi mwa iwo. Inatsogolera ntchito yopezera malo m'makoleji a zigawo zina achinyamata pafupifupi 4,000 a m'misasamo, ndiponso inatsegula nyumba zofikiramo mabanja amene ankatulutsidwa.

Mu 1947 AFSC pamodzi ndi bungwe la ma Quaker a ku Britain, Friends Service Council, analandira mphoto ya mtendere ya Nobel m'malo mwa ma Quaker onse. Henry Cadbury ndiye anapita ku Oslo kukalandirira bungwe la ku America, pamene Margaret Backhouse anaimira la ku Britain. Cadbury analibe jekete la mwambo lofunika pa tsikulo, ndipo m'malo mogula anabwereka limodzi m'nkhokwe ya zovala zakale zimene bungwe linkasonkhanitsira anthu ovutika a ku Ulaya, nalibweza atabwerako. Mphotoyi inapatsa bungweli ufulu wotchula mayina a ena oyenera kulandira, ndipo mwa amene linawatchula muli Martin Luther King Jr. ndi Desmond Tutu.

Chaka chotsatira bungwe la United Nations linapempha AFSC kuti isamalire Apalestina oposa 200,000 amene anathawira ku Gaza pa nkhondo ya 1948. Antchito ake anagawa ufa, mabulangete ndi matenti, anatsegula zipatala zazing'ono ndi sukulu, mpaka mu 1950 pamene bungwe la United Nations lotchedwa UNRWA linatenga ntchitoyo. Anavomera poganiza kuti ndi ya miyezi yochepa ndipo anthuwo abwerera kwawo. Ataona kuti palibe amene akukonza zoti abwerere, ena mwa antchitowo anayamba kudandaula kuti chakudya chimene akugawa chikungothandiza mayiko kuiwala vutolo. Phunziro limeneli linasintha bungweli. Kuyambira pamenepo silinakhutirenso ndi kumanga mabala okha popanda kufunsa chimene chikuvulaza anthu.

Maganizo atsopanowa analembedwa mu 1955 m'kabuku kotchedwa Speak Truth to Power. Pa nthawi imene America ndi Soviet Union ankapikisana kupanga mabomba a nyukiliya, kabukuka kananena kuti chitetezo chodalira zida chimawononga ufulu womwewo chimene chimati chikuteteza, ndipo kanapereka njira yolimbana ndi choipa popanda chiwawa, monga anachitira Gandhi ku India. Mmodzi mwa amene anathandiza kwambiri kulemba anali Bayard Rustin, Quaker wachikuda amene pambuyo pake anakonza ulendo waukulu wa ku Washington wa 1963. Dzina lake silinalembedwe pa kabukuko chifukwa anali atamangidwapo pa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake, ndipo panali mantha kuti adani a bungwe apezerapo mwayi. Bungwe linabwezeretsa dzinalo mu 2010, iye atamwalira kale. Chinali cholakwa, ndipo n'chomvetsa chisoni kuti chinachitika pa kabuku kolimbikitsa kunena zoona mopanda mantha.

Pa nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda bungweli linagwira ntchito zambiri zosaonekera. Mu 1959 linathandiza kukonza ulendo wa King ndi mkazi wake Coretta wopita ku India kukaphunzira za njira ya Gandhi. Mu 1963 linasindikiza ndi kufalitsa kalata imene King analemba ali m'ndende ya Birmingham. Nkhani ya Prince Edward County ku Virginia ndiyo imandikhudza kwambiri. Khoti litalamula kuti ana akuda ndi azungu aziphunzira limodzi, akuluakulu a deralo anasankha kutseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964. Ana a azungu anawatsegulira sukulu zapadera, ana akuda ambiri n'kukhala pakhomo kwa zaka zingapo. AFSC, motsogozedwa ndi Jean Fairfax, inatumiza antchito kukakhala m'deralo ndipo inapezera ana oposa 60 mabanja m'zigawo zina kumene anakakhala ndi kupitiriza sukulu. Aliyense amene anatumizapo mwana wamng'ono kukakhala kwa anthu osawadziwa chifukwa cha sukulu akudziwa kulemera kwa chisankho chimene makolo aja anachita.

Ku Vietnam bungweli linabwereza zimene linachita ku Germany, koma ulendo uno nkhondo ili mkati. Cha m'ma 1967 linatsegula malo ku Quang Ngai opangira miyendo ndi manja ochita kupanga, ndipo linaphunzitsa Avietnam eniake luso limeneli, popeza anthu wamba oduka ziwalo ndi mabomba anali osawerengeka. Linatumizanso mankhwala ndi zipangizo za opaleshoni kumpoto, kumene boma la America linkaphulitsa. Nthawi zina boma linkakana kupereka chilolezo, bungwe n'kutumizabe katunduyo poyera, litauza boma kuti likutero ndipo lili okonzeka kuyankha mlandu. Kunyumba, maofesi ake analangiza anyamata zikwizikwi za ufulu wawo pa lamulo la usilikali, ndipo mu 1969 linayambitsa gulu lofufuza makampani amene ankapindula ndi nkhondoyo. Apolisi a FBI analizonda kwa zaka zambiri.

Kuno kum'mwera kwa Africa dzina la bungweli silidziwika kwambiri, koma mapazi ake alipo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa 1970 linagwira ntchito ndi boma la Zambia ku Kafue, pa malo otchedwa Chawama, kumene mabanja ankagwirizana m'magulu kuumba njerwa ndi kumangirana nyumba, njira yofanana ndi ya ku Penn-Craft ija. Zimene anaphunzira kumeneko zinathandiza pa ntchito yokonza makomboni a mu Lusaka m'zaka zotsatira. Linagwiranso ntchito ku Mozambique m'chigawo cha Manica, ndi ku Zimbabwe pakati pa mabanja a ku Hatcliffe Extension amene nyumba zawo zinagwetsedwa mu 2005.

Nkhani ya tsankho la ku South Africa ndi nkhondo zomenyera ufulu ku Rhodesia, Mozambique, Angola ndi Namibia inayesa chikhulupiriro cha bungweli koposa zina zonse. Kodi munthu wokana zida anganene chiyani kwa anthu amene anayesa zionetsero zamtendere n'kuwomberedwa ku Sharpeville mu 1960? Woimira bungweli m'chigawo chino kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1970 mpaka 1982 anali Bill Sutherland, Mmerika wachikuda amene anakhalapo m'ndende chifukwa chokana nkhondo yachiwiri, nadzakhala ku Ghana ndi ku Tanzania zaka zambiri. Iye sanasiye kukhulupirira njira yopanda chiwawa, koma sanavomere kuti munthu wokhala pa mtendere ku Philadelphia aziweruza oponderezedwa asanadzudzule owapondereza. Anakambirana nkhaniyi maso ndi maso ndi Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere, omwe nawonso inkawavuta mumtima. Bungwe linaima pakuti siligula kapena kuvomereza zida, koma lithandiza othawa kwawo ndi kulimbana ndi tsankho pogwiritsa ntchito chuma: kukakamiza mabanki, makoleji, matchalitchi ndi mizinda ya ku America kuchotsa ndalama zawo m'makampani ochita malonda ndi boma la Pretoria. Ma Quaker ena anaona ngati bungwe layandikira kwambiri magulu onyamula zida. Ena anaona ngati likuchedwa. Ndikuganiza kuti linasankha bwino, chifukwa njira ya chuma ija inasonyeza kuti kukana mfuti sikutanthauza kusiya wopondereza ali phee.

Kudandaula kwa mkati mwa mpingo sikunathere pomwepo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 bungwe linayamba kulemba ntchito anthu ochokera m'madera amene likuwatumikira, akuda, obwera kuchokera ku Latin America, eni nthaka a ku America ndi ena, m'malo modalira achinyamata a mpingo ongodzipereka. Lero antchito ambiri si ma Quaker. Abwenzi ena amati bungwe lawo linawachoka m'manja n'kusanduka la ndale. Oyankha amati munthu amene wakhalapo m'ndende kapena kuthamangitsidwapo m'dziko ndiye akudziwa bwino chofunika kusintha. Mkanganowu ukadalipo, ndipo umabuka nthawi ndi nthawi pa misonkhano ya pachaka ya mpingo. Mavuto a chuma a 2008 ndi 2009 nawo anakakamiza bungwe kuchepetsa antchito ndi kutseka mapologalamu ena.

Ulamuliro wake ukadali m'manja mwa mpingo. Pamwamba pali msonkhano waukulu wa mamembala, ambiri a iwo osankhidwa ndi misonkhano ya pachaka ya ma Quaker a m'zigawo zosiyanasiyana za America. Msonkhanowu umasankha bodi, ndipo bodi imasankha mlembi wamkulu amene amayang'anira ntchito za tsiku ndi tsiku kuchokera ku likulu, pa Cherry Street mu Philadelphia. Mu 2017, chaka chimene bungwe linakwanitsa zaka 100, udindowu unapatsidwa kwa Joyce Ajlouny, Quaker wa ku Palestine amene kale ankatsogolera sukulu ya Abwenzi ku Ramallah. Pa misonkhano ya bodi savota. Amayamba ndi kukhala chete, aliyense n'kulankhula pamene waona kuti ali ndi mawu, ndipo wotsogolera zokambirana amamvetsera mpaka ataona pamene gulu lonse lagwirizana, n'kulemba mfundoyo ndi kuiwerenga kuti onse aivomere. Njirayi imachedwa, ndipo nkhani yovuta ikhoza kutenga zaka, koma chimene agwirizana sichisiya gulu la ogonja. Ndalama zambiri zimachokera kwa anthu wamba opereka mwaufulu, kwa amene amasiyira bungwe chuma pomwalira, ndi ku mabungwe othandiza. AFSC imayendetsanso ofesi ya ma Quaker ku United Nations mu New York, kumene akazembe a mayiko osamvana amaitanidwa kudzadya ndi kukambirana popanda atolankhani.

M'zaka zaposachedwa bungweli lapitiriza kuchita zinthu zimene ena amaziona ngati zosayenera. Mu Januwale 2004, nkhondo ya Iraq ili mkati, linandandalika nsapato za asilikali pabwalo mu Chicago, peyala imodzi kuimira msilikali mmodzi wa America amene anafa, ndipo pambuyo pake linawonjezera nsapato wamba zoimira anthu a ku Iraq. Chionetserochi chinayenda m'mizinda yambiri, nsapato zikuchulukirachulukira. Ku North Korea linayamba kulumikizana ndi anthu mu 1980, ndipo njala ya m'zaka za m'ma 1990 itachitika linayamba kugwira ntchito ndi minda ya makopaletivi pa njira zokololera mpunga wambiri. Mu Januwale 2018 boma la Israel linaika AFSC pa mndandanda wa mabungwe amene atsogoleri ake saloledwa kulowa m'dzikolo chifukwa chothandizira kunyanyala makampani opindula ndi kulandidwa kwa malo a Apalestina. Mu Disembala chaka chomwecho linatsogolera atsogoleri a zipembedzo mazanamazana ku malire a America ndi Mexico pafupi ndi San Diego kukaima ndi anthu ofuna chitetezo, ndipo oposa 30 anamangidwa.

Ndondomeko imene bungweli likutsata kuyambira 2020 mpaka 2030 yaika mtima pa mtendere wokhazikika pa chilungamo, chuma chosapondereza anthu, ndi kusamalira mwachilungamo anthu osamuka ndi othamangitsidwa kwawo. Mu America maofesi ake a ku Newark, Denver, San Diego ndi kwina amathandiza obwera pa milandu yawo ndi kulemba nkhanza zimene amakumana nazo m'malo owasungira. Ena amalandira makalata ochokera kwa akaidi ndi kulimbana ndi mchitidwe wotsekera munthu yekha m'chipinda kwa miyezi kapena zaka, ntchito imene inayamba kukula bungwe litatulutsa lipoti lake la za ndende mu 1971. Pali gulu lofufuza makampani opanga zida ndi oyendetsa ndende, limene zopeza zake zimathandiza matchalitchi ndi makoleji kusankha kumene angaike ndalama zawo. Ku Africa ofesi yaikulu ili ku Nairobi, m'dziko la Kenya lomwe lili ndi ma Quaker ambiri kuposa dziko lina lililonse, ndipo mapologalamu a ku Burundi, Somalia, South Sudan ndi Zimbabwe amathandiza anthu opwetekedwa mumtima ndi nkhondo, kuyanjanitsa midzi, ndi kuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja. Ku Guatemala ndi El Salvador limagwira ntchito ndi achinyamata a m'madera a zigawenga. Ku Gaza, kumene linafika koyamba pa nkhondo ya 1948 ija, antchito ake Achipalestina akhala akugawa chakudya, madzi ndi zofunda kuyambira mu Okutobala 2023, iwo eni atathawa m'nyumba zawo, pamene anzawo ku Washington akukakamiza boma la America kuti lisiye kutumiza zida.